Mwala Wachikasu wa m'Chigwa cha Salm

Sitima yochoka ku Liège kulowera ku Luxembourg sithamanga kwenikweni. Imangotsata mitsinje: poyamba Ourthe, kenako Amblève, ndipo ikafika pa Trois-Ponts imakhotera m'chigwa cha kamtsinje kotchedwa Salm. Kuno ndi kum'mawa kwa Belgium, m'mapiri a Ardennes, kumene nkhalango za mitengo ya mtundu wa paini zimatsika mpaka m'mphepete mwa njanji. Ndinatsikira pa Vielsalm m'mawa, kukuwaza kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kosafuna kukata. Ulendo wonsewu unali wa mwala. Kwa zaka mazana angapo, ometa ndevu m'mayiko ambiri ankanolera malumo awo pa mwala wachikasu wokumbidwa m'midzi yowerengeka ya dera lino, umene eni ake amautcha coticule. Miyala yakaleyo ikutulukabe mpaka lero m'mabokosi a zida a anthu amene anatisiya kalekale, yopanda dzina, yopanda pepala, itada bii ndi mafuta. Ndinkafuna kuona kwawo kwa mwalawu, komanso kuphunzira mmene munthu angauzindikirire ataupeza pa mulu wa zinthu zakale pamsika.

Lumo limene ndikunena pano si lezala lija la m'kapepala timagula pa okala n'kulitaya likabuntha. Ndi lumo lopinda: chitsulo chimodzi chonenepa kumsana, chopyapyala kodulira, chimene chimabisala m'chigwiriro chake ukamaliza kumeta. Malumo otchuka ankasulidwa ku Sheffield ku England, ku Solingen ku Germany ndi ku Thiers ku France, ndipo limodzi lomwelo linkatha kumeta bambo, mwana wake mpaka mdzukulu. Koma lumo lotere silinoledwa pa mwala uliwonse. Mwala umene umanola bwino chikwanje kapena nkhwangwa ungalibenthule kamodzi n'kamodzi, chifukwa kodulira kwake n'kopyapyala kwambiri moti pakangokandika pang'ono, pamene pa mpeni sungapaone n'komwe, tsaya limapamva.

Kuchoka pa siteshoni kukafika ku Salmchâteau ndi makilomita awiri kapena atatu, ndipo ndinayenda wapansi. Ukangotuluka m'tauni chigwa chimapanikizika. Msewu, njanji ndi mtsinje zimadutsira limodzi pakati pa mapiri awiri. M'mbali mwa phiri muli milu ikuluikulu ya zibenthu za sileti, zotsala za migodi imene inkatulutsa miyala yofolerera nyumba. Mitengo yayamba kumera pamwamba pake, koma pansi pamaonekabe kuda kwa mwala wonyowa. Nyumba zakale za kuno n'za mwala womwewo, denga la sileti, ndipo zina anazikuta sileti ngakhale kukhoma kumene kumaomba mvula. Pamwamba pa mudzi pali nsanja ziwiri zotsala za linga la mafumu akale a Salm. Sindinakwereko. Maso anga anali pansi, pa timiyala ta m'mbali mwa njira, chifukwa apa ndi apo umaona kachidutswa kabuluu kopita ku pepo, kokhala ndi kamzere kotuwira, ndipo ukakapukuta ndi chala chonyowa kamzereko kamasanduka chikasu.

M'mudzi wa Salmchâteau muli Musée du Coticule, nyumba yosungiramo zakale yosadzionetsera, imene kale inali malo ochekera ndi kusalazira miyalayi. Makina ake akadalimo, pomwe ankagwirira ntchito. Mphamvu inkachokera ku gudumu lozunguzidwa ndi madzi, n'kuyenda m'malamba ataliatali kukafika ku makina aliwonse. Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa macheka. Alibe mano. Ndi zitsulo zazitali zopyapyala zomangidwa pa felemu imodzi, zimene zimapita uku ndi uku pamwamba pa mwala, munthu akuthirapo mchenga ndi madzi. Chodula ndi mchengawo, chitsulo chimangoukankha. Ntchito yake inali ya pang'onopang'ono zedi. Makinawa asanabwere amuna ankacheka ndi manja, ndipo amayi ankasalaza mwala uliwonse poukwecha pa mwala wina wokhakhala mpaka utachita see. N'chifukwa chake miyala yakale kwambiri imakhala ndi mizere ya macheka m'mbali, yosafanana, ina yopendekeka, pamene ya masiku ano mbali zake zimakhala zowongoka bwinobwino.

Ukayang'ana zibenthu zosonyeza mmene mwalawu umakhalira m'nthaka, umamvetsa chifukwa chake unali wodula kuyambira kale. Coticule si thanthwe lalikulu loti ungofika n'kugumulapo. Ndi timizere ta masentimita ochepa chabe, topanikizidwa pakati pa mwala wabuluu uja. Zaka pafupifupi 480 miliyoni zapitazo dera lino linali pansi pa nyanja, matope akusanjikizana, ena a chitsulo chambiri, ena a manganese wambiri. Pambuyo pake nthaka inakankhana, kutentha ndi kulemera zinasandutsa matopewo mwala, mizere ija n'kupindikapindika, ina mpaka kuimirira. Okumba ankautsata mzerewo m'maenje akuya ndi m'ngalande za pansi pa phiri, ku Salmchâteau, Ottré, Bihain, Regné ndi Sart, akuphulitsa ndi onga wa mfuti m'malo mwa mabomba amphamvu amene akanauswaswa mwalawo. Ankatulutsa milumilu ya mwala wabuluu kuti apeze wachikasu wodzaza manja. Mizereyo ankaidziwa monga mmene mlimi amadziwira minda yake, uliwonse ndi dzina lake: La Veinette, La Dressante, La Petite Blanche, La Grosse Blanche, La Grise, La Verte, La Nouvelle Veine, Les Latneuses.

Ometa ankadziwa kuti mwalawu umanola modabwitsa, koma chifukwa chake chinadziwika mochedwa. Mu 1878 Alphonse Renard, wansembe wa ku Belgium amene analinso katswiri wa miyala, anafalitsa zimene anaona atayang'ana kachidutswa kopyapyala ka coticule pa maikulosikopu: mwalawu ndi wodzaza ndi timibulu ta garnet wa mtundu wa spessartine. Ndi mtundu womwewo umene anthu amakumba cha ku Lundazi ku Zambia n'kukagulitsa ngati mwala wa mtengo wapatali, kungoti wa kuno ndi waung'ono moti diso silingauone. Kambulu kamodzi kamakhala pakati pa mamaikuloni 5 ndi 15, pamene tsitsi limodzi la munthu limanenepa mamaikuloni 50 mpaka 100. Timibuluti timatenga magawo 30 mpaka 40 pa 100 alionse a mwala wachikasu. Garnet ndi wolimba kuposa chitsulo cha lumo, ndiye amachidya. Koma poti kambulu kalikonse n'kobulungira, ka nkhope 12 zopanda nsonga zobaya, sikakumba mozama; kamangopala pamwamba. Apa m'pamene pagona ulemerero wa coticule, chifukwa miyala yambiri imakhala ndi mbali imodzi yokha: wofulumira umakanda, wosalala umachedwa. Mwala wabuluu uja nawonso uli ndi garnet, koma wocheperapo m'chiwerengero ndi wokulirapo, choncho umanola mochedwa ndipo kale ambiri ankangouyesa mtsamiro wa wachikasu.

Nkhani ya kugwa kwa malondawa ndi yaifupi. Mu 1891 Edward Acheson ku America anapanga carborundum, ndipo miyala yonolera ya kufakitale inayamba kudzaza m'masitolo pa mtengo wotsika. Mu 1904 King Camp Gillette anapatsidwa umwini wa lumo lake la malezala otaya, ndipo asilikali a America pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse analandira malumo amenewa n'kubwerera nawo kwawo atawazolowera. Mwamuna wotaya lezala safunanso mwala. Migodi inatsekedwa umodziumodzi, moti pofika m'ma 1980 ntchitoyi inangotsala pang'ono kuzimiratu. Lero yatsala kampani imodzi, Ardennes-Coticule ya ku Lierneux, imene Maurice Celis anaidzutsa mu 1998, ndipo imakumba pamtunda pa phiri la Ol'Preu. Mwala watsopano ulipo ndithu, koma wambiri umene unatuluka m'mapiri ano pa zaka zonse zija uli m'madirowa ndi m'magalaja a anthu osaudziwa.

Masana ndinakwera mtunda kupita kumudzi wina wapafupi, kumene mnzanga wa ku Liège anandipezera mkulu wina wodziwa miyalayi. Ndi bambo achikulire, mutu wonse uli mbuu, manja akuluakulu okhakhala. Bambo awo ankalowa m'migodi, ndipo iwo anakulira pakati pa zibenthu za coticule. Masiku ano amayenda m'misika ya zinthu zakale, monga uja wa Saint-Pholien ku Liège umene umachitika Lachisanu m'mawa, kugula miyala imene ogulitsa sakuidziwa. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba. Muli benchi yaitali pansi pa windo, beseni, galasi lokhuthala litagonekedwa pa tebulo, ndi mashelefu odzaza miyala ya misinkhu yosiyanasiyana, ina m'mabokosi, ina yokulungidwa m'nyuzipepala. M'kati monse mumanunkhira sopo ndi mafuta akale.

"Taugwirani kaye uwu, Monsieur," anatero akundipatsa chinthu chakuda, cholemera, chomata m'manja. "Dzina tilisiye. Tiyambe ndi zimene tikuona."

Mwalawo unali m'bokosi lathabwa losemedwa pa chipika chimodzi, pansi pake patatuluka nsonga za timisomali todula mitu. Anandionetsa timisomalito ndi chala. Ndi ta kalipentala, toti bokosi ligwire pa benchi ponola tchizulo kapena chitsulo cha puleni, ndipo akalipentala ankanola ndi mafuta. Mwala wa wometa nthawi zambiri umakhala wocheperapo, woti ukhale pachikhatho, m'kabokosi ka katoni kapena womatidwa pa kathabwa kokhala ndi chikopa kuseri. Koma bokosi limangokuuza za mwini wake; m'katimo mungakhale mwala wa mtundu uliwonse.

Anauzula m'bokosimo mosamala, n'kuuviika m'madzi a sopo wotsukira mbale, ofunda pang'ono chabe. Madzi otentha anawakana kwamtuwagalu. Anaukwecha ndi burashi yakale, madziwo n'kuda, anawataya, n'kuthira ena. Apa m'pamene miyala imayamba kusiyana. Coticule samwa mafuta. Amangokhala pamwamba, ndipo sopo amawachotsa. Mwala wa Washita wa ku America, kapena wa kufakitale, umamwa mafuta mpaka m'kati, moti ngakhale uutsuke lero, mawa umapeza watulukanso thukuta lakuda. Pakona pa benchi panali ndowa ya miyala yotereyo, imene anati yakhala m'madzi nthawi yaitali ndipo ikulavulabe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi yotero kuyambira poyamba: wopupuluma amatcha dzina mwala usanaonetse nkhope yake.

Litsiro litachoka, mwalawo unali wotuwa mosadziwika bwino, ndipo pakati pake panali pokumbika chifukwa cha zaka za tchizulo. Anatenga pensulo n'kujambula mizere yopingasana pamwamba ponse. Pa galasi lija anayalapo sandipepa wa m'madzi, anathirapo madzi, n'kuyamba kuukwecha mwalawo chafufumimba, mozungulira. Nthawi ndi nthawi ankautembenuza kuti tione. Mizere ya pensulo inayamba kufufutika kumapeto, pakati ikadalipo. Anapitiriza mpaka kachilumba ka pensulo kapakati kanachepa n'kutha. Atautsukuluza n'kuuika pawindo, ndinaona chikasu chofewa chotuwira, chokhala ndi timadontho tofiirira, ndi kamzere kakuda kopyapyala koyenda mokhotakhota kuchoka pakona. Anandiuza kuti ndidutsitsepo chikhadabo. Sichinakodwe. Kamzere kotere ndi ka manganese, kobadwa nako mwalawo, ndipo sikavulaza lumo. Chikhadabo chikakodwa ndiye kuti ndi mng'alu, ndipo mng'alu ungabenthule lumo kapena kudzatsegula mwala wonse tsiku lina.

Kenako anaugoneka cham'mbali, ndipo pamenepa ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Pansi pa chikasu panali buluu uja wopita ku pepo, ndipo malire a mitundu iwiriyi sanali owongoka. Ankakwera n'kutsika, pena chikasu chikulowerera m'buluu. Umenewu ndi mwala umodzi, wochekedwa momwe unakhalira m'phiri, ndipo mbali zonse ziwiri zimanola. Anatenga wina pa shelefu n'kuuika pambali pake. Uwu malire ake anali owongoka, ndipo ukayang'anitsitsa umaona kamzere kofiirira pakati. Mzere wachikasu ukakhala wopyapyala woti sungaime pawokha, akale ankaumata pa chidutswa cha mwala wabuluu ndi phula la njuchi losakaniza ndi utomoni wa paini. Guluu ameneyu amasungunuka akatenthedwa, n'chifukwa chake madzi otentha kapena dzuwa la pawindo zingalekanitse mwala umene wakhala wogwirana kuyambira nthawi ya agogo. Wa masiku ano amaumata ndi guluu wamakono pa sileti yakuda, imene ntchito yake n'kungochirikiza. Choncho mbali yokha ya mwala imakuuza zambiri za msinkhu wake, usanaufikitse n'komwe pa chitsulo.

Anatola kamwala kakang'ono kachikasu, kamene amapekesera, ananyowetsa mwala waukulu uja n'kuyamba kupekesa. Posakhalitsa madzi a pamwamba anayera ngati madzi otsukira mpunga. Anautembenuza n'kupekesa mbali yabuluu ndi kachidutswa kabuluu: apo panatuluka madzi a pepo. Mtundu wa madzi amenewa sunama kawirikawiri, chifukwa ndi mwala weniweniwo utasungunuka, osati khungu lake la pamwamba limene mafuta ndi dzimbiri zimalisintha. M'madzi oyerawo ndi mmene muli timibulu ta garnet tamasuka. Anadutsitsapo kampeni kakale maulendo ochepa, ndipo kuyera kuja kunayamba kutuwa, kenako kuda. Chitsulo chinali chikudyeka. Mwala wa sileti wamba, ngakhale utaoneka wokongola chotani, sudetsa madzi mofulumira choncho.

Sikuti shedi yonse inali ya coticule. Anatsitsa kabokosi kathabwa kakang'ono kokhala ndi chotsekera cha mahinjesi, m'kati muli kamwala kotalika pafupifupi masentimita 13, kopapatiza, kotuwa kopita kobiriwira. Uwu ndi wa ku Thuringia ku Germany, sileti yofewa yosalala kwambiri, imene ometa ankamalizira nayo lumo. Ukaukhudza wonyowa umaterera pansi pa chala, ndipo ukangoupekesa pang'ono umatulutsa madzi otuwira okhuthala. Sufuna mafuta ngakhale dontho. Yotchuka kwambiri inkagulitsidwa ndi kampani ya Escher ya ku Sonneberg, imene inkamata pepala la dzina lake kuseri kwa mwala, ndipo pa ina inkaikanso kapepala kumapeto konena mtundu wake: wachikasu chobiriwira, wobiriwira motuwa, wabuluu wobiriwira, kapena wabuluu wakuda. Mkuluyu ali nawo umodzi wa pepala lotero. Pepalalo analipaka vanishi kuti madzi asalifike, ndipo anandichenjeza kuti munthu asanaviike mwala wakale m'beseni ayambe wayang'ana kuseri ndi kumapeto, chifukwa ambiri atsuka okha umboni umene ankaufuna.

Pamapepala amenewa ine ndili ndi maganizo anga. Ndi bwino kuwasunga. Ndi mbiri ya anthu amene anakumba, kusankha ndi kutumiza miyalayi kutali. Koma mwala wa pepala la Escher umagulidwa pa mtengo wokwera kangapo kuposa mnzake wa m'phiri lomwelo amene pepala lake linasupuka, ndipo pamene pali ndalama zotere sipalephera kupezeka wina womata pepala lakale pa sileti wamba. Zomwezi zikuchitika ndi maina a mizere ya coticule. Anthu amatsutsana kwambiri poyang'ana zithunzi, wina akuti ndi La Veinette, wina akuti ndi La Dressante, pamene mwala unachoka m'mgodi umene unatsekedwa iwo asanabadwe, ndipo ogulitsa akale ambiri ankausankha potengera ubwino wake, osati dzina la mzere. Nditafunsa mkuluyu kuti mwala tinatsuka uja ndi wa mzere uti, anapukusa mutu. Anati okumba ankadziwa mzere chifukwa ankauona uli m'phiri, ndi oyandikana nawo pamwamba ndi pansi. Ukangochekedwa n'kuyenda zaka, munthu woona mtima anganene kuti ukufanana ndi wakutiwakuti, n'kulekera pomwepo.

Ina anangondionetsa mothamanga. Wautali wopapatiza, wobiriwira, wokhala ndi timizere ndi timadontho tofiira, wolimba moti sandipepa amatha iwo usanagonje: Charnley Forest, wa ku Leicestershire ku England, wa mafuta. Wotuwa wamathothomathotho: Tam o' Shanter, wa ku Ayrshire ku Scotland. Woyera, woti ukauika patsogolo pa tochi kuwala kumalowa m'mphepete: Arkansas wolimba, wa m'mapiri a Ouachita ku America, umene ngakhale uupekese chotani sutulutsa kanthu. Wakuda wamizere ya ming'alu yambirimbiri, wobenthuka m'makona: umene amalonda ankautcha wa ku Turkey, chonsecho wambiri unkakumbidwa pa chilumba cha Crete. Ndipo panali kena kofiirira, kosalala mofanana paliponse, kopanda kamzere kapena dontho, dzina la Franz Swaty litadindidwa m'thupi mwake. Aka n'kopangidwa ndi anthu. Mwala wa m'phiri sukhala wofanana paliponse choncho, ndipo dzina lake limakhala pa pepala kapena pa inki, osati loumbidwira m'kati. Ometa ambiri ankakonda timiyala totere potsitsimutsa lumo pakati pa ntchito, ndipo mkuluyu sanakanyoze. Anangokaika pa shelefu yakeyake.

Zonsezi, anatero, ndi mafunso ofunsa mwala. Yankho lomaliza limachokera ku lumo. Anatsegula dirowa n'kutulutsa lumo la ku Solingen la chigwiriro chakuda, analiyesa pa tsitsi la pamkono, ndipo linangoterera osadula. Anapekesanso mwala wachikasu uja, n'kuugwira pachikhatho cha kumanzere. Analigoneka lumo lonse pamwalapo, msana ndi kodulira zonse zitakhudza, chifukwa kunenepa kwa msana ndi kumene kumapereka kupendekeka koyenera; ukangodzutsa msana pang'ono, ntchito yonse yawonongeka. Analikankha kodulira kuli patsogolo, mopingasa pang'ono kuti lonse lidutse pamwala kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga. Pofika kumapeto analitembenuzira pamsana, osalinyamula, n'kubwerera. Dzanja silinkakanikiza. Poyamba pankamveka kaphokoso ka mchenga wosalala, ndipo madzi oyera aja ankayenda patsogolo pa chitsulo, akuda pang'onopang'ono.

Kenako anayamba kudonthezapo madzi ndi chala, dontho limodzi, maulendo angapo, dontho lina. Chifukwa chake n'chakuti timibulu tomasuka tija timadya chitsulo msanga, koma timagundanso kodulira n'kukubunthitsa pang'ono. Ukamasungunula madziwo, liwiro limachepa koma kuthwa kumakwera. Kaphokoso kaja kanka kachepa. Pomaliza anatsuka mwala ndi lumo, n'kunola pa madzi okhaokha, mopepuka kwambiri, ndipo anandipatsa kuti ndiyese. Lumo linkakhala ngati likukakamira pamwala, likukana kuchoka. Anati chimenecho ndi chizindikiro chakuti nkhope ziwiri za kodulira zasalala mofanana. Analipukuta, analidutsitsa pa lamba wachikopa wopachikidwa pa msomali, ulendo uno msana uli patsogolo, kenako analiyandikiza pamkono osakhudza khungu. Tsitsi linkadumpha lokha n'kugwera pa chitsulo. Pa galasi lokulitsira zinthu, kodulira kunkaoneka kosalala motuwira, kopanda mizere yakuya.

Anthu ogula amakonda kufunsa nambala ya mwala, monga zimalembedwera pa miyala ya kufakitale, ndipo ogulitsa amayankha kuti wachikasu ndi 8000, wabuluu 4000. Nditaona ntchito ija ndinamvetsa chifukwa chake manambalawa sakwanira. Mwala umodzi womwewo unagwira ntchito ya miyala ingapo, malinga ndi kukhuthala kwa madzi ake ndi kulemera kwa dzanja. Iwiri ya m'phiri limodzi imathanso kusiyana, wina wofulumira pa madzi okhuthala koma waulesi pa madzi okha, wina mosemphanitsa. Chimenechi n'chimene chimandidetsa nkhawa ndikaganiza za anthu ngati mkuluyu. Maina ndi zithunzi zidzasungika. Koma kudziwa nthawi yodonthezera madzi pomvera kaphokoso ka chitsulo kumaphunziridwa utaima pambali pa munthu amene akukudziwa, ndipo otero m'midzi iyi atsala ochepa.

Ndisanatsanzike anatulutsa mwala wina, umene anati anaugula pamodzi ndi zida za kalipentala. Unali wobiriwira motuwa, wolemera, wopanda kufiira kulikonse. Ukanatha kukhala Charnley Forest wopanda mizere, ukanathanso kukhala umodzi mwa miyala yobiriwira ya kumapiri a Wales, monga ija ya ku Llyn Idwal, imene imafanana nawo kwambiri. Anaupukuta, anauyang'ana cham'mbali, anaugogoda ndi msana wa kampeni ndipo unalira mokweza. Anaupekesa: madzi anangotuwa pang'ono, movutikira. Anadonthezapo mafuta opepuka n'kudutsitsapo lumo lina, ndipo lumolo linatuluka lakuthwa kwambiri, mwina kuposa lija la pa coticule, ngakhale anati pa tsaya lingakhale laukali pang'ono.

"Ndiye ndi wa kuti, Monsieur?" ndinafunsa.

"Ndi wa ku Britain, mwina. Kupitirira apo ndikhala ndikukunamizani."

Anadula kachidutswa ka tepi yapepala, anakamata pa bokosi, n'kulembapo ndi pensulo kuti wolimba, wa mafuta, wochedwa, wabwino pomalizira. Kenako anauika pa shelefu ya pafupi ndi benchi, pamene pamakhala miyala imene amanolera malumo awo.